Rauta ya Pazenera

"Kodi rauta imeneyi yamera miyendo?"

Mphunzitsi anaima pakhomo la chipinda chosokera, foni ili m'manja, magalasi atatsetserekera pamphuno. Mkazi wake, amene anthu onse a mumsewu umenewo ankangomutchula kuti Telala, sanadzutse mutu. Anapitiriza kupalasa makina ngati sanamve.

"Ndikufunsa inu, mayi. M'mawa ndinaisiya pamwamba pa kabati pabalaza. Pano ndaipeza pazenera lanu, dzuwa likuiwotcha. Lachitatu chimodzimodzi. Ine ndakhala ndikuzimitsa n'kuyatsa, ndatulutsa simukadi n'kuipukuta ndi malaya, mpaka ndawalalatira anthu osalakwa a kukampani kuti intaneti yawo ndi yaulesi. Kani wondilodza ndikumwa naye tiyi m'nyumba momwemo."

"Ndimaonerapo masitayilo a madiresi," anatero Telala, maso ali pa singano.

"Masitayilo? Munayamba liti kusoka moonera? Inu mukangomuyang'ana munthu kamodzi, diresi latha."

Bodza linali kumulasa Telala ngati munga wa nsomba, ndipo mumtima anati, Ambuye, mukudziwa chifukwa chake.

Kunja kunamveka mawu okhuthala, ochokera pakhonde la nyumba yaikulu.

"Iwe Choko! Mpira waima pafoni kuno! Anthu angouma pakati pa bwalo ngati mitengo!"

Mphunzitsi anadzidzimuka ngati mwana wogwidwa ndi dzanja m'shuga. "Ndikukonza, achimwene!" Anazula rauta ija, n'kuthamanga nayo pabalaza, chingwe chikukwekwereka pambuyo.

Nyumba ziwirizo zinali mumpanda umodzi. Yaikulu inali ya Akulu, mkulu wake wa Mphunzitsi, mwini shopu ya zitsulo ndi simenti. Yaing'ono, yapambali, inali yawo. Rauta anaigula ndi Mphunzitsi kaamba ka maphunziro ake a pa intaneti, kabokosi koyera ka tinyanga tiwiri, ndipo Akulu anangolamula kuti nawonso azidyako. Ikakhala pakabati, mphamvu yake inkafika bwino pakhonde la Akulu. Ikakhala pazenera la chipinda chosokera, kukhondeko inkafika mopunduka, koma inkalowa yonse m'khitchini ya nyumba yaikuluyo, imene zenera lake lazitsulo linayang'anizana ndi la Telala.

M'khitchinimo ndi mmene Achemwali, mkazi wa Akulu, ankaswera. Akulu akamapita kushopu ankawatsekera ndi loko wakunja. Foni anawaphwanyira kalekale, ati mkazi woyembekezera alibe chocheza ndi dziko. Tsiku lina Telala, pobweza mbale kudzera pazenera, anabisa pansi pa kansalu foni yake yakale yong'aluka galasi, yopanda simukadi, pamodzi ndi tchaja. Foni yotere ndi yosalankhula popanda rauta. Choncho amuna akachoka m'mawa, Telala ankasamutsa kabokosi kaja, n'kukabwezera nthawi yoweruka isanakwane. Tsiku limenelo anachedwa. Achemwali ankafunsa mng'ono wawo, namwino wa kutali, za miyendo imene inayamba kutupa, ndipo Telala analibe mtima wowadula pakamwa.

Sabata yotsatira Mphunzitsi anabwera msanga, msonkhano wa aphunzitsi utalephereka. Anasuzumira pakabati, n'kupeza rauta palibe. Anavula taye, n'kutuluka foni ili kutsogolo ngati munthu wonyamula kandulo pamphepo. Telala anamuona kudzera pazenera akuyenda pang'onopang'ono pabwalo, akuyang'ana timizere ta netiweki. Pakhonde la Akulu anapukusa mutu. Pa mpopi anaima pang'ono. Kenako timizere tija tinamutsogolera, tikuchulukirachulukira, mpaka pansi pa zenera la khitchini.

Kuseri kwa zitsulo kunali nkhope ya Achemwali. Diso limodzi linali lotupa, lakuda ngati biringanya. M'manja mwawo foni yong'aluka ija inali kuwala.

Anayang'anizana.

"Mwaswera bwanji, alamu?" anatero Mphunzitsi, mawu ali apansipansi.

"Ndaswera bwino, kaya inu?" Foni ija inalowa msanga m'nsalu.

Mphunzitsi anabwerera, n'kutseka chitseko cha chipinda chosokera ndi msana.

"Mwatiphetsa."

"Khalani pansi, bambo."

"Ndikhale pansi? Mukuwadziwa achimwene inu? Chaka chatha anamuthyola mkono mnyamata wa kushopu chifukwa cha misomali yochepa m'paketi. Akangoiona foni ija, sadzafunsa kuti yagwa kumwamba. Adzabwera pano."

"Diso lija mwaliona?"

"Ndaona."

"Nanga?"

"Nanga chiyani? Nyumba ya mwini saotchera mbewa, mayi. Za m'banja la eni ndi za eni."

"Nanga nyumba ya mwiniyo ikamapsa, munthu ali m'kati, tizingowotha moto?"

Mphunzitsi anakhala pa kampando ka makasitomala, n'kuvula magalasi. Popanda magalasi nkhope yake inkaoneka yaing'ono.

"Munthu uja anandilera. Bambo atamwalira, ndi iyeyo ankandikweza panjinga kupita kusukulu, mvula ikugwa, iye atandifunditsa jekete lake. Malo tikukhalawa ndi ake. Ndikamutsegulira pakamwa ndiyambira pati?"

"Anakulerani kuti mukhale munthu, osati khoma. Khoma limamva zonse koma sililankhula. Inu mukuganiza kuti sindidziwa chifukwa chake mumakweza wailesi kukayamba phokoso uko?"

"Musandinene choncho."

"Sindikukunenani. Inenso ndimapalasa makina mwamphamvu kuti ndisamve. Tonse ndife amantha, bambo. Koma mayi uja ali ndi moyo wina m'mimba. Chimene ndawapatsa ine si mpeni, si mankhwala. Ndi kanjira kakang'ono koti azimva mawu a m'bale wawo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe."

"Ine ndinakuikanipo dzanja ndi kale lonse?"

"Ayi. N'chifukwa chake ndikulankhula nanu."

Mphunzitsi anadzuka.

"Ine sindinaone kanthu," anatero. "Ndipo musandiuze kanthu."

Anatuluka. Koma m'mawa mwake, Telala atapita kukaika rauta pazenera, anapeza kakatoni kodulidwa bwino, kopindidwa ngati denga, katamatidwa pafelemu kuti dzuwa lisamawotche kabokosi kaja. Anakagwira ndi chala. Sanamufunse mwamuna wake, ndipo iyenso sananenepo.

Masiku anayenda choncho mpaka Lamlungu lina masana. Atangobwera kumapemphero, nsapato asanavule, Akulu analowa osaodira. Anali munthu wodzaza khomo, wa mafungulo ambiri pa lamba, oti akamayenda ankalira ngati ng'ombe ya belu.

"Choko, intaneti yako ikudwala chiyani? Lachinayi ndinabwera masana kudzatenga mapepala, pakhonde panalibe ngakhale kamzere kamodzi. Madzulo iliko. Masana kulibe. Ndiye kuti alipo akuyamwa ine ndikachoka."

"Mwina ndi mitambo, achimwene."

"Mitambo ya masana okhaokha? Unaphunzira kuti uzindipusitsa? Ndi anthu a mumsewu muno awa, anaba pasiwedi. Sintha. Dzina lomwe usinthe. Pompano, ine ndikuona."

Mphunzitsi anayang'ana mkazi wake kamodzi, mwachidule, ngati munthu woyang'ana gombe bwato likuchoka. Anakhala pansi n'kutsegula zoikamo za rauta pafoni yake. Analakwitsa, n'kubwereza kangapo. Akulu anamuimirira pamutu, akupumira m'khosi mwake, n'kutchula okha dzina latsopano ndi pasiwedi yatsopano. Timagetsi ta rauta tinazima, n'kuyakanso.

"Alamu, madzi akumwa," anatero Akulu.

Telala anapita kukatunga. Pobwera anawapeza atalowa m'chipinda chosokera, ataima pazenera. Ankayang'ana kakatoni kaja, ndi soketi imene inali pansi pake, kenako n'kuponya maso kutsidya, pazenera la khitchini yawo.

"Mumaona bwino pano, alamu," anatero osacheuka.

"Ndimafuna kuwala posoka."

"Eya. Kuwala n'kofunika." Anamwa madzi onse, n'kubweza kapu mwaulemu. "Zikomo. Mulungu akudalitseni."

Ulemu umenewo unamuopsa Telala kuposa kukalipa.

Kutacha anadzutsidwa ndi hamala. Akulu anali kukhomera lata pazenera la khitchini, misomali ili kukamwa. Ati akuba achuluka. Tsiku lotsatira, akutseka loko, anamuona Telala akusesa ndipo anamuuza mosafunsidwa.

"Anzanu aja ndawatumiza kwawo. Akachirire kwa amayi awo. Ndinawakweza basi mbandakucha."

"Osatsanzika?"

"Anati ndikutsanzikireni."

Galimoto itatuluka, Telala anasiya tsache. Anazungulira nyumba yaikulu ija. Makatani onse anali otseka. Anagogoda pa lata, poyamba ndi chala, kenako ndi chikhatho.

"Achemwali? Ndine. Achemwali?"

Zii. Anaika khutu pakhoma. Anangomva mtima wake womwe.

Anaimbira namwino uja, amene nambala yake anaisunga kuyambira tsiku lopereka foni. Namwino anati kwawo sikunafike munthu. Namwinoyo anaimbira amayi awo, azakhali awo, onse anadabwa. Uthenga wake womaliza kwa mkulu wake unali usanafike kuyambira Lamlungu. "Chonde mayi," anatero namwinoyo akulira, "inu ndi amene muli pafupi."

Masiku amene anatsatira Telala sanasoke chovala cholongosoka. Anasokera mkono wa diresi la mkwatibwi chagada, n'kusomola, n'kulakwitsanso. Ankapalasa makina pang'ono n'kuima kuti amvetsere. Ankapemphera ataimirira, atakhala, akutsuka mbale, pemphero lake lili lomwelomwelo: Ambuye, ngati ali m'menemo, musunge mpweya wawo. Chimene chinamuopsa kwambiri n'chakuti madzulo ena anaona Akulu akulowa ndi buledi ndi botolo la mkaka. Akulu sankamwa mkaka. Ankati umawatsegula m'mimba.

Lachisanu m'mawa, Mphunzitsi akumanga taye, Telala anaima pakhomo la kuchipinda.

"Lero simupita kusukulu."

"Ana ali ndi mayeso, mayi."

"Achemwali ali m'nyumba muja."

"Mwawaona?"

"Sindinawaone."

"Mwawamva?"

"Sindinawamve. Koma kwawo sanafike, ndipo mkulu wanu akugula mkaka."

"Ndiye ndikathyole nyumba ya achimwene chifukwa cha mkaka? Tikapeza mulibe munthu, tidzalowera kuti? Mwina anatsikira kwa mnzawo. Munagogoda, sanayankhe. Munthu ali m'kati angalephere kuyankha?"

"Angalephere ngati sangathe."

Mawu amenewo anagwa pakati pawo ngati mbale yosweka. Mphunzitsi anasiya taye ili lendelende.

"Bwezerani pasiwedi yakale," anatero Telala. "Ngati foni ija ili nawo, itiuza."

"Ndikabwezera, foni ya achimwene iduka. Akangofika pageti adziwa kuti ndagwiramo."

"Ndiye tizingodikira fungo?"

"Mayi!"

"Pepani. Koma mutu ukakula sulewa nkhonya, bambo. Pamalo pano palibe wina."

Mphunzitsi anakhala pabedi, atagwira mutu. Kunja Akulu analiza galimoto, geti linalira, phokoso linapita likuchepa. Atadzutsa nkhope, anali kuganiza, mmene ankaganizira akamakonza funso lovuta la masamu.

"Rauta ija ili ndi makomo awiri," anatero pang'onopang'ono. "La eni nyumba ndi la alendo. La alendolo sindinalitsegulepo. Ndikhoza kulipatsa dzina lakale ndi pasiwedi yakale, la achimwene osaligwira. Foni ili ngati galu, mayi. Ikamva dzina limene inazolowera, imabwera yokha, osaitanidwa kawiri."

"Chitani."

Anachita. Anaika rauta pazenera la chipinda chosokera, n'kudikira kuti timagetsi tibiriwire. Telala analemba, "Achemwali, muli kuti?" Uthenga unachoka, koma sunafike. Anadikira. Anazimitsa rauta n'kuyatsanso. Anaimika tinyanga, n'kutigoneka, n'kutiimikanso. Palibe.

"Mwaona," anatero Mphunzitsi, ndipo m'mawu ake munali mpumulo umene iye mwini anachita nawo manyazi. "Mulibe munthu."

"Kapena ndi lata lija."

Mphunzitsi anayang'ana lata lija likunyezimira padzuwa. Anatukwana pang'ono, chinthu chimene mkazi wake anali asanamumvepo.

"Chitsulo chimabweza mphamvu. Tiyenera kuizungulira."

Anasonkhanitsa zingwe zonse za m'nyumba: ekisitenshoni ya wailesi yakanema, ya ayironi, ya nyale ya pamakina. Anazilumikiza, n'kuzitulutsira pazenera. Mphunzitsi ananyamula rauta m'manja awiri, Telala akumasula chingwe pambuyo, maso ali kugeti. Galimoto iliyonse yodutsa mumsewu inkawaumitsa. Anayesa pakhomo la kumbuyo, osafika. Anayesa pansi pa zenera la kuchipinda chogona, osafika. Chingwe chinathera pakona ya nyumba, pakhoma lopanda zenera.

"Kuseri kuno kuli chiyani?" anafunsa Telala monong'ona.

"Kachipinda kosungiramo katundu. Kalibe zenera. Kali ndi timabowo ta mpweya tokha, uko pamwamba."

Onse anayang'ana m'mwamba. Telala anathamangira pachingwe choyanikira zovala n'kuzula mtengo wochirikizira. Anavula tepi yoyezera imene inali m'khosi mwake, n'kumangira rauta kunsonga kwa mtengowo. Mphunzitsi anakwera pa ndowa yovundikira, n'kukweza mtengo uja mpaka kabokosi kanagunda timabowo tija. Rauta inkagogoda khoma ngati mlendo wamantha.

"Gwirani bwino, bambo."

"Ndagwira. Yang'anani foni."

Telala anayang'ana. Palibe. Anayamba kunena Atate Wathu chamumtima. Asanafike pakati, foni inanjenjemera m'manja mwake. Inanjenjemeranso. Kenako inangoti njenjenje osaleka, mauthenga onse amene anakhala akudikira njira kwa masiku aja akulowa mothithikana ngati nkhosa pakhomo la khola.

"Werengani," anatero Mphunzitsi ali pamwamba pa ndowa.

Telala anawerenga, mawu akuduka.

"Anditsekera m'kachipinda ka katundu. Akuti ndimalankhula ndi amuna pazenera." Anatsitsa chala. "Ndamva mukugogoda. Sindinayankhe. Anati ndikangotulutsa mawu, akuthamangitsani pamalo pano inu ndi alamu. Musadandaule, ndipirira." Anatsitsanso. "Anandiponda pamimba." Wotsatira unali wa m'mawa womwewo. "Magazi sakusiya. Mwana sindikumumva. Ndikuzizidwa."

Mphunzitsi anatsika pa ndowa. Anatsamiritsa mtengo uja kukhoma mosamala. Nkhope yake inali yotuwa ngati choko chomwe ankanyozedwa nacho.

"Anakhala chete chifukwa cha ife," anatero.

Sanadikire yankho. Anathamanga kutuluka pageti, taye ikuuluka paphewa, kulunjika kutsidya kwa msewu kwa bambo wowotcherera zitsulo. Telala anaika pakamwa pakhoma n'kufuula, osasamalanso kuti amva ndani.

"Achemwali! Tamva! Tikubwera! Musagone, mwamva? Musagone!"

Wowotcherera anabwera ndi chodulira zitsulo chachikulu, magalasi akuda ali pachipumi. Mkazi wake anamutsatira, manja ali thovu la sopo. Mayi wogulitsa masamba pakona anasiya benchi lake. Dalaivala wa takisi wa nyumba yachitatu anatulutsa galimoto osafunsa zambiri, n'kuiimika mumsewu. Palibe amene anadabwa. Telala anaziona zimenezo pankhope zawo, ndipo zinamupweteka: onse ankadziwa, monga iye.

"Aphunzitsi, nenani ndi pakamwa panu," anatero Wowotcherera, ataika mano a chodulira pa loko. "Nyumba ndi ya mkulu wanu."

"Dulani."

Loko woyamba anagwa. M'kati munali mdima ndi fungo la nyumba yosatsegulidwa. Loko wachiwiri anali pachitseko cha kachipinda kaja. Atatsegula, amuna anabwerera m'mbuyo n'kuyang'ana kumbali. Achemwali anali atagona pa makatoni pakati pa zitini za penti, nsalu yawo itanyowa, milomo itayera. Foni ija anali ataikumbatira pachifuwa, tchaja ili pasoketi ya kuseri kwa matumba. Pambali panali botolo la mkaka losatsegula.

"Alamu anu apsa mtima," ananong'ona.

"Asiyeni apse," anatero Telala. Anavula nsalu yake n'kuwafunditsa.

Anawanyamulira pa matiresi aang'ono, amayi kumutu, amuna kumiyendo. Atangotuluka pakhonde, anamva kulira kwa injini imene onse ankaidziwa. Wina anali ataimba kushopu. Galimoto ya Akulu inalowa pageti mwaliwiro, n'kuima chopingasa, kutseka njira. Panangotsala kampata ka munthu mmodzi pakati pa galimoto ndi chipilala.

Akulu anatsika, mafungulo akulira. Anayang'ana loko ali pansi. Anayang'ana matiresi.

"Wathyola nyumba yanga ndani?"

Telala anamva matiresi akulemera, ngati onse amene ananyamula afooka nthawi imodzi.

"Ndafunsa! Bwezerani mkazi wanga m'nyumba. Ndi wanga ameneyo, si wa boma, si wa mumsewu!"

"Ndine, achimwene."

Mphunzitsi anapereka ngodya yake ya matiresi kwa dalaivala, n'kupita kutsogolo. Ankafika m'mapewa mwa mkulu wake basi.

"Iwe? Choko? Iwe amene ndinakupukuta mamina?"

"Ine ndemwe. Alamu akupita kuchipatala. Chotsani galimoto."

Khofi linamveka mpaka kutsidya kwa msewu. Magalasi anauluka n'kukagwera pa mpopi. Mphunzitsi anadzandira, koma sanagwe. Akulu anamukankhira pambali kuti afike pamatiresi, ndipo apo ndi pamene Mphunzitsi anachita chinthu chimene palibe anachiyembekezera. Sanaponye chibakera, chifukwa sankadziwa kuponya. Anangowakumbatira m'chiuno, mutu n'kuukanikiza pamimba pawo, zala n'kuzilukanitsa kumsana.

"Dutsani!" anafuula. "Mayi, dutsani!"

Zibakera zinayamba kumugwera pamsana ngati akupuntha thumba. Iye anangolimbitsa, akulira poyera ngati mwana.

"Ndikhululukireni, achimwene. Menyani. Koma simudutsa."

Anapendeketsa matiresi n'kudutsa pakampata kaja, Achemwali akubuula. Wowotcherera atawafikitsa pa takisi anabwerera msanga, ndipo amuna ena a mumsewu, amene poyamba ankangoonera pamipanda yawo, anayamba kulowa pageti mmodzimmodzi. Telala anacheuka ali pakhomo la galimoto. Anaona manja ambiri atagwira mikono ya Akulu, ndi mwamuna wake ali chigwadire m'fumbi, magazi ali m'mphuno, asanamasulebe zala zake. Mtima unamukokera kumeneko.

"Pitani nawo!" anatero mkazi wa Wowotcherera, akumukankhira m'kati. "Aphunzitsi tiwaona ife."

Takisi inanyamuka. Mutu wa Achemwali unali pamiyendo ya Telala, wopepuka ngati wa mwana. Telala anaimbira namwino, amene anamuuza kuti awakweze miyendo, aziwalankhulitsa, ndipo akafika anene zonse kwa adokotala osabisa, kuti nkhani ikafike kupolisi. Mayi wa masamba anakweza miyendo ija pamiyendo yake, n'kumaisisita mapazi ozizirawo.

"Tatuluka?" anafunsa Achemwali, maso ali otseka.

"Tatuluka."

"Geti tadutsa?"

"Tadutsa kalekale. Tsegulani maso, Achemwali. Onani mitengo."

Anatsegula diso limodzi, n'kuyang'ana kunja nthawi yaitali. "Yaphuka," anatero.

Telala analowetsa dzanja pansi pa nsalu n'kuliika pamimba paja. Panali pouma, pachete. Anapemphera osatulutsa mawu, chifukwa mawu anali atamuthera. Pena anamva ngati kanthu kagunda chikhatho chake, koma galimoto inali kudumpha m'maenje, ndipo sanafune kulonjeza munthu chinthu chimene mwina unali msewu chabe. Anangosiya dzanja lili pomwepo.

Pakhomo la chipatala dalaivala anazimitsa injini n'kuthamangira kukaitana anthu a machira. Galimoto inaima duu. Mumtendere umenewo, pansi pa chikhatho cha Telala, kanthu kanagunda. Mofooka, kamodzi. Kenako kachiwiri.

Telala anatenga dzanja la Achemwali n'kuliika pamalo pomwepo.